Gulu la banja: za chipukuta misozi cha malemu achimwene

Achimwene aakulu: Mwaswera bwanji nonse. Ndawalowetsa alamu pagulu pano chifukwa nkhani tikambiraneyi ndi yawo ndi ana, sibwino tizikamba eni ake kulibe. Maliro tinaika bwino, tithokoze Mulungu komanso anzake a ku faya aja ananyamula bokosi ali mu yunifomu. Koma pano pali ntchito ina. Mng'ono wathu wamwalira ali pantchito, khoma lamugwera akuzimitsa moto, nde pali ndalama zoti banja lake lilandire ndipo sizibwera zokha pakhomo, zimafuna kuziyendera

Amalume kumudzi: Taswera bwino. Kodi si zija anapereka pa maliro paja? Bokosi, galimoto ndi envulopu ija anawerenga a mpingo

Chitsiriza: Ayi amalume chija chinali chipepeso chabe. Chipukuta misozi ndi china

Alamu: Zikomo achimwene pondiika. Pepani ndizilemba pang'onopang'ono mutu sunakhazikike. Lachiwiri kunabwera anzawo awiri a shifiti imodzi kudzasiya katundu wa mu loka, jombo, kapu yawo ya tiyi, ndi jekete lija likununkhabe utsi mpaka ndaliika mu jumbo kuti ana asalione. Mmodzi anandiuza kuti mayi musachedwe kupita ku Leba. Ine sindikudziwa kuti ku Leba ndikanene chani

Chitsiriza: Alamu musadandaule tiyendera limodzi. Ndifotokoze mmene ndimazionera kuntchito kwathu poti ma fayilo otere amadutsa pa desiki yanga. Ndalamazi zili mmatumba osiyana ndipo mukawasakaniza mpomwe anthu amaluza. Loyamba ndi la lamulo la Workers' Compensation Act la 2000, munthu akamwalira chifukwa cha ngozi ya pantchito amene ankadalira iyeyo amalandira malipiro ake a pamwezi kuchulukitsa ka 42. Tiyerekeze munthu amalandira K200,000, nde kuti K8,400,000, ndangoyerekeza osati ndi salale ya achimwene. Amalipira ndi olemba ntchito koma zimadzera ku ofesi ya Leba, a khonsolo amene anawalemba ntchito amayenera kukanena za ngoziyo kumeneko ndipo ife tikaonetsetse kuti fayilo inatsegulidwadi ndipo atipatse nambala yake

Chitsiriza: Chofunika kwambiri, pali malire a miyezi 12 chimwalirireni munthu. Tikagona nazo zitivuta

Achemwali aku Joni: Eeh ine ndimaganiza azilandira mwezi ndi mwezi. Kuno kuli Compensation Fund, mayi wamasiye amalandira ngati penshoni ndipo ana nawo ali ndi gawo lawo mpaka akule. Ndikukumbukira mu September 2018 ozimitsa moto atatu anafera mu bilding ya Bank of Lisbon mu tauni ya Johannesburg momwe muno, tinkaona utsi tikuchoka kuntchito, nkhani ya mabanja awo inakambidwa kwambiri pa wayilesi

Chitsiriza: Uko ndi kwina achemwali, kwathu kuno ya 42 ija imabwera kamodzi basi, ikatha yatha. Nchifukwa chake ndikuti tisamale nayo

Chitsiriza: Thumba lachiwiri ndi penshoni imene ankawadula pa peyisilipi, kuphatikiza imene amaikapo olemba ntchito. Lachitatu, lamulo la penshoni lija linabwera 2011 linati olemba ntchito azimuikira wantchito inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chathunthu, nde tikafunse ku HR kuti ili ku kampani iti. Kenako tina ting'onoting'ono, salale ya masiku anagwira mwezi umenewo, masiku a tchuthi amene sanapite, ma alawansi a usiku ngati anatsala

Amalume kumudzi: Chabwino ndamva. Ndiye poti ndalama zake nzooneka ine ndimati tichotsepo kaye za chiliza ndi sadaka tisanagawe, komanso mayi anu kuno denga likudontha, malemu ndi amene analonjeza malata chaka chino. Musaiwale kuti mwana ameneyu tinamulera ndife, sukulu yake ndinagulitsira mbuzi ine

Achimwene aakulu: Amalume ndi ulemu wonse, zimene munatichitira palibe angaiwale. Koma mawu oti tigawe achoke pagulu pano. Palibe chogawa. Ife abale ake tili ndi manja athu tikugwira ntchito, ndalama iyi ndi yolowa mmalo mwa salale imene ana aja akanadya mpaka akule, wamng'onoyo ali sitandade 2, muwerenge zaka zatsala kuti amalize sukulu muone ngati ndalamayo ndi yambiri. Chiliza tisonkha tokha chaka chamawa tikakolola, manda sathawa

Msuweni wa ku Zomba: Zoona zimenezo. Tinaona kwa aneba athu kuno abale anabwera ndi lole kudzatenga mpaka matilesi, ana anasiya sukulu chaka chomwecho. Kwathu kuno zisachitike chonde

Chitsiriza: Ndipo pano ndi mlandu amalume, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye munthu amamangidwa nazo, ndipo katundu wa m'nyumba amatsala ndi mayi wa pakhomopo. Koma pa za amayi mwanena zoona mbali ina. Achimwene ankawatumizira ndalama pa Mpamba mwezi uliwonse, feteleza ankagula ndi iwo, nde amayi ndi mmodzi mwa odalira malemu ndipo dzina lawo likalembedwe ku Leba poyera. Gawo lawo akapereke a ofesi kwa iwo eni, osati ife kuchotsa pa gawo la ana

Alamu: Za amayi ine ndilibe nazo vuto olo pang'ono, bambo a ana ankati akalandira choyamba ndi cha amayi. Ma meseji a Mpamba alipobe mu foni mwawo sindinafufute

Chitsiriza: Musafufute chilichonse alamu, umenewo ndi umboni

Amalume kumudzi: Ngati achemwali anga alembedwa nawo basi mtima wanga wakhala pansi. Sindimafuna kulanda ine, ndimaopa kuti kumudzi kuno kuiwalika

Azakhali: Ndakhala ndikuwerenga chete. Pali nkhani ina imene nonse mukuidziwa koma palibe akuitchula. Mtsikana uja malemu anamubereka asanakwatire, amene akukhala ndi agogo ake akuchikazi, nayenso ndi magazi athu ndipo pa maliro anakhala kumbuyo kwa khitchini ngati mlendo. Alamu pepani kuti ndayankhula pagulu koma ndi bwino timve pano kusiyana nkuti zikatulukire ku ofesi

Alamu: Azakhali musapepese. Mwanayo ndimamudziwa, yunifomu yake ya sekondale ndinakagula ndine pa msika. Alembedwe. Chimene ndikupempha nchoti zonse zikhale pa pepala, aliyense adziwe gawo lake, mawa wina asadzanene kuti ndinadya za mwana wa mwini

Achemwali aku Joni: Mulungu akudalitseni alamu, ndalira pano

Chitsiriza: Lamulo nalo silisankha, mwana ndi mwana kaya anabadwa muukwati kaya kunja. Chimene tikaone ndi fomu ija achimwene analemba ku penshoni yotchula olandira iwo akadzamwalira, anthu ambiri amalemba akangoyamba ntchito osakasinthanso, mwina muli amayi okha, mwina wamng'onoyu mulibe poti anabadwa mochedwa. Tikapemphe kuiona ndi maso, ngati wina akusowa tikanene pomwepo ndi makalata obadwira mmanja asanalipire

Achimwene aakulu: Nde tiyeni tigawane ntchito. Mapepala ofunika ndi ati

Chitsiriza: Setifiketi ya imfa ya ku NRB, lipoti la kuchipatala lonena chimene chinawapha, lipoti la apolisi la moto uja, ma ID a unzika a malemu, alamu ndi amayi, mtchatho wa ku tchalitchi, makalata obadwira a ana onse anayi, ma peyisilipi omaliza, ndi kalata ya amfumu yotsimikiza amayi ndi mtsikana uja. Chilichonse fotokope zingapo ndipo orijino isatsale pa ofesi ya munthu. Alamu mutsegule akaunti ya ku banki mu dzina lanu ngati mulibe, ndipo tikapemphe kuti gawo la ana lisungidwe pa mayina awo

Amalume kumudzi: Kalata ya amfumu ndi yanga, ndipita mawa mmamawa asanapite kudimba. Kwa agogo a mtsikanayo ndipita ndi ankhoswe Loweruka, nkhani yotere siyapafoni

Msuweni wa ku Zomba: Ine ndikhoza kutenga anyamata awiriwo holide ino kuti alamu aziyenda momasuka. Komanso chenjerani ndi madobadoba, amamva msanga kukakhala ndalama za maliro, wina abwera atavala taye kuti ndikuthamangitsirani fayilo mundipatse ka peresenti

Alamu: Wabwera kale wina dzulo, akuti amadziwana ndi mabwana. Anasiya pepala kuti ndisayine ndinamuuza kuti ndidikira alamu anga

Chitsiriza: Mwachita bwino kwambiri. Lijambuleni munditumizire ku inbox. Musasayine kanthu musanawerenge ndipo pasakhale inu nokha, olo ku ofesi kwenikweniko. Zikafuna loya tipita ku Legal Aid Bureau, za katundu wina monga puloti ija tikayambira kwa DC atiuze ngati zipite kwa Administrator General

Achemwali aku Joni: Nanga nyumba? Si ya kuntchito imeneyo

Alamu: Ndi ya kuntchito. Sananene kanthu koma usiku sindigona poganiza zimenezo, ndi fizi ya wamkuluyu ali folomu 4 ndalama ya mayeso a MANEB ikufunikanso

Achimwene aakulu: Za nyumba tikapempha kalata yolembedwa yonena kuti mukhalamo mpaka liti, ndipo tikapempha kuti adikire mpaka ndalama zituluke, zapakamwa ayi. Zinthuzi zitha kutenga miyezi nde pakatipa ana asagone ndi njala tilipo. Ndikuti aliyense wapantchito aziponya K20,000 pamwezi, amene angathe kuposa apo aonjezere, ya transipoti, ma fotokope, ufa ndi fizi. Iyi si ngongole, ndalama zikadzatuluka wina asadzati mundibwezere

Achemwali aku Joni: Fizi ndi mayeso a wa folomu 4 zisiyeni kwa ine, nditumiza pa Mukuru Lachisanu ndikalandira

Azakhali: Ine ndalama ndilibe koma matumba awiri a chimanga ndi nyemba ndikweza pa minibasi, wina akalandire pa depoti

Msuweni wa ku Zomba: Msungichuma akhale Chitsiriza, aziponya pagulu pano zolowa ndi zotuluka mwezi ukatha

Chitsiriza: Ndavomera, nambala ya Airtel Money ndi yomwe ndili nayo pano. Achimwene Lolemba ndapempha kale tchuthi, tiyambire ku HR ya khonsolo 8 koloko kenako ku Leba tisanafike nkhomaliro. Anzawo awiri a shifiti aja alamu muwapemphe manambala, anaona zonse ndi maso ndipo angafunike kuchitira umboni

Alamu: Manambala ndili nawo. Mtchatho uli mu sutikesi ndiufuna usiku uno, koma kalata yobadwira ya wamng'onoyu sitinatenge, tili ndi buku la kusikelo lokha

Achimwene aakulu: Bweretsani bukulo tikadzera ku NRB tsiku lomwelo. Ndikupezani pakhomo 7 koloko, amalume kalata ya amfumu ikatheka muijambule muponye pano Lamulungu lisanathe