Akufuna kundidula kachidutswa ka khungu kokachitira kafukufuku, ndivomere?

Wofunsa:
Abale anga pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi zaka 31. Chiyambire zaka 17 ndimatuluka zithupsa m'khwapa ndi m'mphechepeche. Zimatupa, kuphulika, mafinya kumachucha, zikati zapola n'kubwereranso pomwepo. Zaka zonsezi ndinkangouzidwa kuti sindisamba mokwanira, ndipo ndinkadzikhula mpaka khungu kusupuka. Chaka chatha m'pamene dokotala wa khungu anatchula dzina lake, hidradenitis suppurativa, gawo lachiwiri pa muyezo wa Hurley woyezera kukula kwa matendawa, poti pansi pa khungu pachita kale timauna ndi zipsera.

Tsopano andipempha kulowa m'kafukufuku. Akuti adula tizidutswa tiwiri, kena pachilonda, kena pakhungu labwino, aone majini (malangizo a m'maselo amene timatengera kwa makolo) amene akugwira ntchito mopyola muyezo. Khungu langa limapola movutikira, ndiye ndikuopa. Koma chondisowetsa tulo ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 9. Amayi anga anali ndi zipsera zomwezi, ankazibisa. Kodi zotsatirazo zidzandiuza ngati mwanayu ndinampatsira?

Woyankha woyamba:
Achemwali, pepani ndi ululuwo. Ndimagwira ntchito mulabotale, ndiye ndiyankhe mosabisa: ayi, sizidzakuuzani. Kuyeza majini obadwa nawo ndi kwina, uku n'kwina. Iwowa awerenga RNA m'maselo, uthenga umene majini amatulutsa akamagwira ntchito, ndiye kuti sakuwerenga anthu amene abwera pamsonkhano, akumvetsera amene akufuula. Pachilonda cha matendawa ofuula kwambiri amakhala majini oyitana chitetezo cha m'thupi, monga S100A8, S100A9, ndi opanga mapuloteni oyambitsa kutupa otchedwa TNF, IL-1 beta ndi IL-17. N'chifukwa chake mankhwala amalunjika pamenepo: adalimumab, wotsekereza TNF, anavomerezedwa ku America mu 2015, ndipo secukinumab, wotsekereza IL-17A, mu 2023.

Za kumtundu zilipodi. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu amakhala ndi m'bale wodwalanso. Mu 2010 ofufuza anapeza vuto m'majini a NCSTN, PSENEN ndi PSEN1 m'mabanja 6 a ku China, koma odwala ambiri akayezedwa sapezeka nalo vutoli.

Ndipo za kusamba zija muzitaye. Gwero lake ndi kutsekeka kwa timabowo tomera tsitsi, si uve, ndipo sapatsirana pokhudzana.

Woyankha wachiwiri:
Mnzanga, ine ndinadulidwapo. Amabaya jakisoni wa dzanzi, n'kudula ndi kachitsulo kozungulira ka mamilimita ochepa, n'kusoka. Pakhungu labwino panapola msanga, pachilonda panachedwerapo. Musanasaine afunseni amene adzasamale balalo likavuta, komanso ngati dzina lanu lidzachotsedwe pa zotsatira. Mukakana, chithandizo chanu sichiyenera kusintha. Ngati mumasuta fodya, yesetsani kusiya, amakolezera matendawa.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Achimwene a kulabotale, mwandipweteka pang'ono koma mwandimasula, ndimayembekezera yankho lomwe kulibeko. Ndikuona kuti ndivomera, pakuti ngati mwanayu adzadwale, mankhwala amene adzamuthandize achokera m'makafukufuku ngati omwewa. Tsono ndifunsenso amayi amene muli ndi ana okulirapo: poti matendawa amakonda kuyamba munthu akatha msinkhu, munayamba liti kuwauza ana anu zoti aziyang'anira m'khwapa, ndipo munawauza bwanji osawaopseza?