Chitsulo n'chozizira, nanga ayisi akusungunukiranji msanga pomwepo?

Kafunsefunse:
Abale thandizeni mutu waima. M'mawa ndikagwira chogwirira cha chitseko chachitsulo chimazizira koopsa koma thabwa la chitseko chomwecho lili bwinobwino, nde ine ndimangoti chitsulo n'chozizira basi. Dzulo ndinatenga tizidutswa tiwiri ta ayisi mufiriji, kena ndinaika pa poto wa aluminiyamu wovundikira, kena pathabwa, ndimati kapapotoko kakhalitsa. Ayi ndithu, kanasungunuka ndikuona ndi maso, madzi chuu, pomwe kapathabwa kadakali gwa. Chozizira chingasungunule bwanji ayisi msanga?

Mphunzitsi_wopuma:
Achimwene, chitsulocho sichozizira ayi. Poto ndi thabwa zagona chipinda chimodzi usiku wonse, mutaika thermometer zonse ziwerenga chimodzimodzi, tinene madigiri 20. Khungu lanu siliyeza madigiri a chinthu, limamva liwiro lomwe kutentha kukuthawira m'thupi mwanu. Dzanja limakhala cha m'ma 33, ndiye mukagwira chinthu cha 20 kutentha kumachoka kwa inu kupita uko. Aluminiyamu amadutsitsa kutentha kuposa thabwa ka 1,000 ndi kupitirira, amakulandani msangamsanga nde ubongo umati kwazizira. Thabwa ndi laulesi, pomwe mwagwirapo pamafunda pompo n'kusiya kukulandani. Kwa ayisi uja zinangotembenuka, iye ali pa 0 poto ali pa 20, poto anam'thira kutentha mwaliwiro lomwelo.

Namadzi:
Eee nde mukuti kuzizira kulibe? Ine ndakaika kkkk, nanga mukatsegula firiji chomwe chimakuwombani kumiyendo chija n'chani

Mphunzitsi_wopuma:
Ndi mpweya womwe walandidwa kutentha mayi, ndi wolemerako nde umatsikira pansi, ukafika pamiyendo umayamba kukulandani inuyo. Palibe chinthu chotchedwa kuzizira chomwe chikulowa m'thupi. Yesani izi, mabeseni atatu, lina madzi otentha pang'ono, lina ozizira, lapakati ofunda. Dzanja lamanja m'motentha, lamanzere m'mozizira, mphindi imodzi, kenako onse awiri m'beseni lapakati. Lamanja likuuzani kuti madziwa akuzizira, lamanzere liti akutentha, chonsecho madzi ndi amodzi.

Bwanoni77:
Ine chomwe chinandipweteka mutu ndi bulangete, ndinakula ndikudziwa kuti limatenthetsa, mpaka tsiku lina tinatsutsana ndi mnzanga iye anakulunga ayisi mubulangete ine ndikumuseka kuti usungunula zonse iwe, mapeto ake wake anakhalitsa wanga wapambalambanda atatha kalekale, ndinachita manyazi. Bulangete silipanga kutentha, limangogwira mpweya pakati pa ulusi, ndipo mpweya ndi mbuli podutsitsa kutentha, madzi amauposa pafupifupi ka 25. N'chifukwa chake zovala zikanyowa umanjenjemera ngakhale kunja kusakuzizira kwenikweni.

Namadzi:
Chabwino ndagonja theka. Koma menthol wa mu mankhwala otsukira mano uja bwanji? Sakulanda kutentha kulikonse koma mkamwa mumachita zii

Mphunzitsi_wopuma:
Ameneyo ndi tambwali weniweni. M'mitsempha muli kachipata kotchedwa TRPM8 komwe kamatseguka kukazizira, menthol amangokatsegula popanda kuzizira kulikonse. Asayansi anakapeza mu 2002, ndipo awiri mwa iwo, David Julius ndi Ardem Patapoutian, analandira mphoto ya Nobel mu 2021 pa ntchito ya momwe thupi limamvera kutentha ndi kukhudza.

Kafunsefunse:
Zikomo akulu. Nde ngati ndamva bwino, chitsulo ndi thabwa zitakhala zonse pa 33 ngati dzanja, sindingasiyanitse eti? Mawa ndiziika padzuwa n'kumazigwira mphindi iliyonse, ndione pomwe chitsulo chisiye kuzizira n'kuyamba kuwotcha.