Azakhali awerenga nkhani yanga ya succubus akuti ndili ndi mwamuna wauzimu, ndisiye kulemba?

Admin chonde ndibiseni dzina, pagulu pano pali anthu akutchalitchi kwathu.

Abale ndithandizeni maganizo mutu wanga sukugwira. Ndine mtsikana wa zaka 28, ndimagwira ntchito yamashifiti nde usiku ukatalika ndimawerenga manovelo pafoni. Amene anandigwira mtima ndi aja amati paranormal romance, nkhani zachikondi koma mmodzi mwa okondanawo sakhala munthu, mwina vampaya mwina mngelo wakugwa mwina succubus. Kwa amene simukudziwa, succubus ndi chiwanda chachikazi cha mu nthano za ku Ulaya chimene chimabwerera mwamuna ali mtulo, chachimuna chake amati incubus. Olemba amasiku ano amamupanga kukhala mkazi amene amakhala ndi moyo pokoka mphamvu za mwamuna amene wagona naye, nde zimavuta akadzakonda munthu zenizeni chifukwa aliyense amene wamukhudza amayamba kufota. Ine chimandiliritsa nchimenecho osati zakuchipindazo ayi, kukonda munthu uku ukudziwa kuti manja ako omwewo ndi amene akumumaliza.

Chaka chatha ndinayamba kulemba yanga m'Chichewa nkumaponya pa peji ya Facebook gawo limodzi pa sabata. Ndinaiika ku Nkhata Bay, msodzi wa usipa amene mkazi wake anamwalira, ndi mkazi wina amene amatulukira pomwe nyali za asodzi zazimitsidwa. Usiku uliwonse akagona naye bamboyo amadzuka ali ndi imvi zatsopano. Mu gawo 14 mkaziyo wakhala kumapeto kwa mphasa, manja wawapanira pakati pa mawondo kuti asamukhudze, akungowerenga imvi zija mpaka tambala kulira. Gawo limeneli ndinalemba ndikulira ndithu.

Nde msuweni wanga anapanga skirinishoti nkutumizira azakhali amene anandilera. Lamlungu nditafika ndinapeza andidikira pakhonde foni ili m'manja magalasi ali pamphuno, moni sanayankhe, anangoti "mwanawe, zimenezi unazidziwira kuti?" Akuti munthu sungalembe chonchi usanachezeredwe. Chaipitsa nkhani nchakuti kale ndinawauzapo kuti nthawi zina ndimadzuka usiku thupi lonse litauma, kukuwa osatheka, ngati china chake chandikhalira pachifuwa. Aphatikiza zimenezo ndi chibwenzi changa chimene chinatha titatsala pang'ono kupanga chinkhoswe, basi akuti ndi spiritual husband, Loweruka likubwerali akufuna anditengere kwa mneneri ku deliverance ndipo peji ndifufute.

Mayi amenewa anandilipirira fizi pogulitsa mandasi, sindingawanyoze. Koma nkhaniyi ndi chinthu choyamba chimene ndapanga ndekha chikundisangalatsa. Ndisiye? Kapena ndiwafotokozere bwanji kuti amve?

Ndemanga

Mayi wamapemphero: Mwana wanga mvera azakhali ako. Ine sindikuti uli ndi chiwanda ayi, koma chimene umadyetsa maganizo usiku ndi usiku chimakula. Werenga Genesis 6, ana a Mulungu anaona ana aakazi a anthu nkuwakwatira, chotsatira chake chinali chigumula. Bwanji osalemba chikondi cha anthu okhaokha, luso uli nalo kale.

Mkatolika wa ku Dedza: Amayi mwalankhula bwino koma kulemba za chiwanda si kuchiitana. Mu Baibulo lathu muli buku la Tobiti, mmenemo Sara mwana wa Raguel anakwatiwa ka 7 ndipo amuna onsewo anaphedwa ndi chiwanda Asmodeus usiku waukwati, mpaka Tobiya anadzawotcha mtima ndi chiwindi cha nsomba monga anamuuzira mngelo Rafael nkupemphera limodzi ndi mkaziyo. Amene analemba zimenezo anali ndi mwamuna wauzimu? Chemwali funso ndi loti nkhani yanu ikupita kuti, osati muli ndani mkatimo.

Namwino: Ine ndingoyankhapo za kuuma thupizo chifukwa zikundikhudza. Zimenezo amati sleep paralysis. Tikamalota ubongo umamanga minofu kuti tisamachite zimene tikulotazo, nde nthawi zina maganizo amadzuka minofu isanamasuke, umaona chipinda chako bwinobwino koma chala osasuntha, chifuwa kulemera, ena mpaka kuona chithunzithunzi cha munthu pakhomo. Zimatha pa masekondi kapena mphindi zochepa. Zimakonda anthu osagona mokwanira, amashifiti ngati inuyo, ankhawa, komanso ogona chagada. Yesani kugonera m'mbali ndi kuika foni patali ikakwana nthawi yogona. Zikamachitika pafupipafupi kapena mukamangosinza masana pitani kuchipatala. Kupemphera pempherani koma wina asakuuzeni kuti mwakwatiwa ndi mzimu chifukwa cha ichi.

Mwini funso: Anamwino zikomo, mwandikhazika mtima pansi. Zinayambadi nditalowa ma night, ndisanayambe nkomwe kuwerenga mabukuwa.

Wokonda kuwerenga, Johannesburg: Ndakhala ndikuwerenga mtundu umenewu zaka zambiri nde ndikuuzeni pamene ndikuona kuti pavuta. Mawu awiriwa ndi a Chilatini, succubus akuchokera ku kugona pansi, incubus kugona pamwamba, mukuona kuti ndi kulemera pachifuwa komweko anamwino akunena. Azungunso ankazikhulupirira osati masewera. Cha m'ma 1486 Heinrich Kramer analemba buku losakira mfiti lotchedwa Malleus Maleficarum, mmenemo amati chiwanda chimatenga mbewu kwa mwamuna chili succubus kenako chimasanduka incubus nkukaipereka kwa mkazi, ndipo azimayi ambiri anawotchedwa pa milandu yaufiti m'zaka zotsatira. Panadutsa zaka mazana kuti mantha amenewo azizire mpaka mtsikana wa ku America azigula novelo ya succubus nkumawerenga mu basi osaganiza kanthu. Kwathu sanazizire. Timamvabe za afisi olowa m'nyumba za eni ndi mankhwala, ku Pemba ku Zanzibar mu 1995 anthu ankagona panja kuopa Popobawa, chiwanda chimene amati chimagwirira anthu m'nyumba usiku. Nde inu mwatenga chinthu chimene kwa iwo ndi nthano mwachiika pa mphasa ku Nkhata Bay m'Chichewa, azakhali akawerenga sakuona novelo akuona umboni ngati uja anthu amapereka kutsogolo kutchalitchi. Ndifunse, mukulemba kuti "ine" kapena "iye"?

Mwini funso: Ndikulemba kuti ine, mkaziyo ndi amene akufotokoza yekha.

Wokonda kuwerenga, Johannesburg: Ndi pamenepotu. Musafufute, koma pamwamba pa gawo lililonse lembani kuti iyi ndi nkhani yopeka, ndipo ganizirani zosinthira ku "iye". Zakuchipinda muzitseka chitseko, mphamvu yanu ili pa imvi zija.

Bambo wa ku Area 25: Chemwali samalani ndi kopita Loweruka. Mlongo wanga anapita naye kwa mneneri wina, anamujambula vidiyo akugubuduka pansi nkuiponya pa intaneti, mpaka lero anthu amamuloza kumsika. Lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti koma vidiyo ikatuluka lamulo silingaibweze. Ngati nkupemphera itanani abusa anu amene amakudziwani abwere kunyumba, mafoni akhale m'thumba.

Mwini funso: Ndawerenga zonse, zikomo abale. Ndawaimbira azakhali, ndawapempha kuti Loweruka tisapite kwa mneneri koma tiitane abusa athu, ndipo asanabwere andilole ndiwawerengere ndekha kuyambira gawo 1 chifukwa iwo anangoona 14 yokha. Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinayang'ana ngati foni yaduka. Kenako anafunsa kuti msodziyo ali ndi ana? Ndati mmodzi, wamkazi. Akuti ndibwere Lachisanu ndikaweruka, ndigone konko.