Sukulu ya nyimbo kapena mafilimu a anzanga: ndiyambe chiti?

Moni nonse pagulu pano. A admin, funsoli ndi lalitaliko, mundipirire.

Ndimaimba kiyibodi komanso kupanga nyimbo pa kompyuta, koma zonse ndi za khutu. Manotsi ndimawerenga mochita kudodoma. Mtima wanga uli pa kupeka nyimbo za m'mafilimu, zija za okesitala yathunthu.

Amene wandizunguza mutu ndi Ludwig Göransson. Mkuluyu anabadwa mu 1984 ku Linköping m'dziko la Sweden, anaphunzira ku Royal College of Music ku Stockholm, kenako n'kupita ku University of Southern California kukaphunzira za nyimbo za mafilimu. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Ryan Coogler, wopanga mafilimu, onse akadali ana a sukulu, ndipo anayamba kumuikira nyimbo m'timafilimu take. Ubwenziwo sunathere pomwepo: Fruitvale Station mu 2013, Creed mu 2015, mpaka Black Panther mu 2018, imene inapatsa Göransson mphoto yake yoyamba ya Oscar. Pokonza imeneyi anachita kupita ku Senegal, kukayenda ndi woimba wa kumeneko Baaba Maal kuti amve ng'oma za tama ndi makutu ake.

Ndiye chinam'kweza n'chiyani kwenikweni, digiri kapena mnzakeyo? Paja Hans Zimmer, katswiri wina wa nyimbo za mafilimu, sanadutse ku koleji ya nyimbo, anaphunzirira ntchito pansi pa wopeka nyimbo Stanley Myers ku London, koma lero ndani samudziwa?

Ndikufunsa chifukwa mnzanga wina akujambula filimu yaifupi ndipo wandipempha nyimbo. Pa kompyuta zimamveka bwino kwabasi. Koma nditapatsa mtsikana woimba vayolini, anangoseka, akuti manotsi ena atsika kupitirira G, pamene vayolini sifika. Wa chitoliro naye akuti sindinamusiyire popumira. Kompyuta situlutsa mpweya, ndiye sinandiuze.

Ndisiye kaye za filimuzi ndikalowe sukulu, kapena ndizingopitiriza n'kumaphunzira ndili mkati?

Yankho: Achimwene, filimuyo musaisiye. Okujambula sadikira munthu amalize digiri, apeza wina, ndipo wina ameneyo ndiye adzayende naye. Mwatchula nokha za Coogler.

Yankho: Koma tisamunamize mnyamatayu. Zimmer ali ndi gulu la anthu omulembera manotsi a okesitala, inu muli ndi ndani? Ndipo Göransson mukumunenayo atamaliza sukulu anakhalaponso wothandizira Theodore Shapiro, wopeka nyimbo za mafilimu. Oimba akakhala pansi mu situdiyo nthawi imalipiridwa, sangamadikire inu mukufufuta. Phunzirani malire a chida chilichonse, pomwe chimayambira ndi pomwe chimathera. Zimenezo sizilira koleji ayi, zimalira buku ndi khama.

Yankho: Mwana wanga, mtsikana anakusekayo ndiye mphunzitsi wako woyamba. Khala naye pansi, umulembere mizere inayi yokha, aimbe, akuuze pamene dzanja likuvutika. Mawa uchite chimodzimodzi ndi wa chitoliro.

Wofunsa: Zikomo kwambiri akuluakulu. Mayi, malangizo anuwo ndiyamba nawo sabata ino. Bambo mwanena za buku, ndi mtundu wanji umene ungathandize munthu wosathamanga pa manotsi ngati ine? Komanso pa filimu yaifupi chonchi, ndilembere zida zingati kuti zisandipose mphamvu, vayolini ndi piyano basi zingakwane?