Gulu la Banja: Amalume Atuluka Lachisanu

Zuze: Mwadzuka bwanji nonse? Amalume akutuluka Lachisanu ku Queens, komwe agonekedwa ndi matenda a fangasi (tizilombo tonga nkhungu ya pa chakudya) yofika ku ubongo. Khosi lamasuka, mutu wasiya kuwawa. Pakufunika galimoto yahayala mpaka ku Bangula, minibasi pa makhotakhota otsikira ku Thabwa sangapirire.

Chikondi: Zikomo achimwene. Ine ndawerenga pa Facebook kuti vitamini A ikupha fangasi mwa anthu a chitetezo chotsika. Bwanji tisonkhe tiwagulire yambiri?

Azakhali a ku Nchalo: Timakapisozi tofiira ta ana a kusikelo tija? Nanga si shuga wathu wa Illovo ali nayo kale? Tingowathirira wambiri m'phala.

Esnati: Azakhali, dikirani kaye, musawathere shuga amalume 😄 Chikondi, chimene wawerengacho si vitamini A wamba. Ndi mankhwala ochokera ku vitaminiyo, dzina lake ATRA, kapena tretinoin. Madokotala amachizira mtundu wina wa khansa ya m'magazi. Ofufuza a ku Italy anaona kuti amaletsa kukula kwa fangasi yotchedwa Aspergillus, yogwira mapapo, koma anayesera mu labu ndi pa makoswe. Amalume si khoswe, komanso yawo ndi ina, Cryptococcus, ija yofika ku ubongo.

Chikondi: Komabe ndi vitamini, singapweteke munthu.

Esnati: Imapweteka. Siituluka ndi mkodzo ngati vitamini C, imaunjikana m'chiwindi. Ikachuluka imabweretsa mutu waukulu ndi kusanza, zomwezo zimene tikuyang'anira kuti tidziwe ngati matenda abwerera. Ndiye tidzasiyanitsa bwanji? Chiwindi chomwecho chikulimbana kale ndi fluconazole, mankhwala a fangasi amene akumwa. Ndipo iwe Chikondi uli ndi pakati, ATRA usamuyandikire n'komwe, amapundula mwana m'mimba.

Azakhali a ku Nchalo: Eee, basi ndasiya. Tichite chiyani tsono, mwanangu?

Esnati: Mankhwala oyambirira a fangasi, amphotericin ndi flucytosine, amaliza kuchipatala. Kunyumba ndi fluconazole tsiku lililonse, miyezi yambiri, osadumphitsa ngakhale akumva bwino. Ma ARV ayambe tsiku limene adokotala alemba, kawirikawiri pakatha masabata 4 mpaka 6, osati kufulumira. Mutu ukangoyambanso, kuchipatala tsiku lomwelo, osati panado.

Zuze: Ndalama ya mavitaminiyo ipite ku galimoto. Tumizani pa Mpamba kapena Airtel Money pofika Lachitatu. Wowakumbutsa mapiritsi ndani?

Chikondi: Ine, ndili pafupi. Koma mvula ikadula msewu?

Esnati: Ndiwapempha a kuchipatala awapatse okwanira. Muwasunge pamthunzi, osati pawindo, kutentha kwa kwathuku mukukudziwa.

Azakhali a ku Nchalo: Takhuta. Ine ndibwera ndi ufa wa mapira ndi nsomba. Zuze, mundinyamule pa Nchalo.