Bandura amuloweza, koma funso la zofooka likuwagwetsa

Mphunzitsi wa kukoleji, Kasungu boma: Anzanga, ndipatseniko nzeru. Mayeso ayandikira. Ophunzira anga a zauphunzitsi nkhani ya Bandura, katswiri amene anafufuza ngati ana amatengera nkhanza akaona wamkulu akumenya chidole, ili pamtima: chaka cha 1961, ana 72 a sukulu ya mkaka ya pa yunivesite ya Stanford ku America, chidole chija cha Bobo. Koma funso likangoti afotokoze pamene kafukufukuyo akuperewera, amayambanso kusimba nkhani yonse mpaka pepala kudzaza. Malikisi palibe.

Madamu a ku Chamama: Bambo, iwowo amaona ngati zolembedwa m'buku sizitsutsidwa. Ine amene amabwera kuno kudzayeserera kuphunzitsa ndimangowafunsa kuti, chidolecho ukachimenya chimatani? Chimagwa n'kudzukanso chokha, anachipangira zomwezo. Ndiye mwana akachimenya ataona wamkulu akutero, ndi nkhanza kapena wangoti masewera ake ndi amenewa? Apo amayamba kutsutsana okhaokha, ine phee.

Mphunzitsi wa ku Santhe: Awuzeninso kuti ana onsewo anali a sukulu imodzi ya ku America.

Wa kukoleji: Imeneyo ndiye aloweza kale, achimwene. Akuilemba paliponse. Wina wailemba mpaka pa kafukufuku wa Pavlov wa ku Russia, amene anachitidwa pa agalu.

Wa ku Santhe: Kkkkk agalu a ku Russia asanduka ana a ku America.

Aphunzitsi aakulu a ku Nkhamenya: Mukawapatsa mndandanda wa zofooka, alowezanso umenewo. Achite okha kafukufuku. Tengani wa Piaget, katswiri wa kaganizidwe ka ana, safuna ndalama. Atole zitsekerero za mabotolo, ayale mizere iwiri yofanana pamaso pa mwana wa Sitandade 1, amufunse ngati zili zofanana. Kenako atalikitse mzere umodzi mwana akuona, amufunsenso. Ana ambiri amaloza wautaliwo kuti uli ndi zambiri. Ophunzira anuwo asangalala, ati Piaget ananena zoona. Musafulumire. Tsopano abwereze ndi ana ena, koma mzerewo usokonezedwe ndi kachidole ngati mwangozi. Ofufuza ena, McGarrigle ndi Donaldson, anachita zimenezi mu 1974, ndipo ana oyankha molondola anachuluka. Chifukwa chake n'chakuti wamkulu akasuntha zinthu dala n'kufunsa funso lomwelo kachiwiri, mwana amaganiza kuti poyamba paja analakwa, ndiye amasintha yankho. Ife timawadziwa ana athuwa, kuopa aphunzitsi kwake. Munthu amene waziona ndi maso ake sasowa cholemba.

Wa kukoleji: Izi ndazikonda. Koma pamayeso akhoza kuwapatsa kafukufuku amene sanamuonepo.

Madamu a ku Chamama: N'chifukwa chake azolowere kufunsa kuti ofufuzawo anasintha chiyani, ndipo anayerekeza ndi yani. Kwa Bandura kunali ana 24 amene sanaonetsedwe wamkulu aliyense akusewera. Afunseni kuti anawo ntchito yawo inali yotani. Wolephera pamenepo ndiye kuti sanamve kanthu, ngakhale atatchula zaka zonse.

Wa kukoleji: Ndikapempha chilolezo kwa ahedi a pulayimale yapafupi, tichite Lachisanu.

Aphunzitsi aakulu a ku Nkhamenya: Muwachenjeze asamukonze mwana akayankha, ngakhale ndi nkhope. Ndipo alembe chinenero chimene afunsira. Kuno ana ena kunyumba amayankhula Chitumbuka, ukawafunsa m'Chichewa amangogwedeza mutu, iwe n'kulemba kuti sadziwa kuwerengera.

Wa ku Santhe: Zitsekerero musavutike, pa golosale ya mlamu wanga zadzaza chidebe. Ndizitumiza pa minibasi mawa.