Ndithandizeni nzeru: ankhoswe tingawaike bwanji m'filimu yachikondi yoseketsa popanda kuwanyoza?

Akuluakulu nonse a pagulu pano, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndimatsogolera kagulu ka achinyamata ochita zisudzo ku Chinamwali, kuno ku Zomba, ndipo chaka chino tagwirizana zojambula filimu yathu yoyamba, yachikondi koma yoseketsa.

Pokonzekera ndakhala ndikuonera mafilimu akale a mtundu umenewu, ndipo imene yanditsegula maso ndi It Happened One Night ya mu 1934, imene anaitsogolera Frank Capra. Mtsikana wa pabanja lolemera athawa bambo ake, akumana ndi mtolankhani m'basi, ndipo usiku wina atagona m'chipinda chimodzi, mwamunayo amanga chingwe pakati pa mabedi awiri n'kuyanikapo bulangete. Bulangete limenelo ndi limene landionetsa chifukwa chake anthu satopa nawo mafilimuwa: tonse timadziwiratu kuti awiriwo adzatengana, koma timakhalabe pansi kufuna kuona chimene chikuwatchinga ndi mmene chidzachokere. Anzathu a ku Nigeria anachita chimodzimodzi mu 2016 ndi The Wedding Party, mmene chotchinga ndi mabanja awiri, la Chiyoruba ndi la Chiigbo, amayi a mbali zonse akulimbana ngakhale pa chakudya cha paukwati.

Ife tinasankha kuti chotchinga chikhale malume a mtsikana, amene ndiwo nkhoswe, ndipo akuzengereza kuyankha mnyamata wakabaza wa ku Matawale amene wadzafunsira mbeta. Loweruka lapitali tikuyeserera, mayi wa mmodzi mwa achinyamatawa anaonera mpaka kumapeto osaseka ngakhale kamodzi, kenako anandiitanira pambali n'kundiuza kuti tawasandutsa malume chidole, pamene nkhoswe ndi munthu amene banja limathamangirako zinthu zikavuta. Mawu amenewa andisowetsa tulo, chifukwa sindikufuna kuti makolo atuluke tsiku loonetsa ali okhumudwa. Kodi malumewa tiwachotse, kapena pali njira yowasungira ulemu wawo anthu n'kumasekabe?

Yankho loyamba: Achimwene, ine ndakhalapo nkhoswe kangapo, ndipo ndikupemphani kuti malumewo musawachotse. Apatseni chifukwa chomveka chozengerezera, mwina anaonapo mlongo wawo akuvutika m'banja lolowa mothamanga. Anthu aziseka mnyamatayo akulakwitsa mawu pamaso pawo ndi manyazi, osati kuwaseka iwowo ayi.

Yankho lachiwiri: Bambo, bulangete mukulitamalo tili nalo kale kwathu kuno. Pachinkhoswe atsikana amatuluka atafunda zitenje kumutu, akuchimuna n'kumavundukula mmodzimmodzi, ndalama zikuponyedwa, mpaka atapeza mwini wake, ndipo bwalo lonse limaseka popanda wonyozeka. Chiikeni chimenecho chakumapeto, malumewo ndiwo atulutse mtsikana womaliza, ndipo mayi anakudzudzulani aja muwaitanenso adzaonere musanayambe kujambula.